Mchenga Ukutani M'kati mwa Fyuzi?

Ngati ntchito ya fyuzi ndi kupsa basi, n'chifukwa chiyani ya pa mawaya akuluakulu a magetsi imakhala yolemera, yomatidwa mbali zonse, ina mpaka kutalika kupitirira theka la mita? Ya m'pulagi ya ayironi siikwana ndi chala chomwe. Ya m'galimoto ndi kapulasitiki ka miyendo iwiri. Nzeru yake ndi imodzi, ndipo ndi yakale, pakuti Thomas Edison analembetsa fyuzi yake ku America mu 1890: ika kawaya kofooka panjira ya magetsi, kuti mphamvu ikachuluka kapse ikoko, zina zitsale. Nanga pa ma volts 11,000 kapena 33,000, omwe ESCOM imagawira magetsi m'madera mwathu, chingavute n'chiyani kungokulunga kawaya pakati pa mabawuti awiri?

Funsoli ndinapita nalo kwa malume anga, omwe anakalambira pa ntchito ya magetsi. Anali nayo fyuzi imodzi yakupsa kale, yomwe anaicheka m'litali mwake ndi galayindala. Kunja kwake ndi paipi ya dothi lowotcha, yofiirira, yosalala, yokhala ndi zisoti zachitsulo uku ndi uku. Thupi lake ndi lotalika mamilimita 292, muyeso wa ku Germany umene mafakitale ambiri amatsatira pa fyuzi za laini ya 11,000. Ya laini ya 33,000 imafika mamilimita 537. Pakati pa paipiyo pali msana wina wa dothi, wa nthiti zotuluka m'mbali. Pa msanawo anakulungapo timizere ta siliva, tingapo moyandikana, topyapyala moti kungotikhudza ndi chikhadabo timapindika. Pomwe panali posapsa ndinaona kuti kamzere kalikonse anakaboola timano m'mphepete, pa mpata wofanana, kuchokera ku chisoti ichi kukafika ku icho. Malo onse otsala munali mchenga woyera mbee, wouma, woyoyoka m'zala.

"Malume, mchengawu ukutani muno?"

"Mphwanga, kudula waya si nkhani. Nkhani ndi yoti magetsi akuluakulu samva kuti waya waduka."

Samva bwanji? Ine ndinakula ndikudziwa kuti waya akaduka getsi limathima. Koma amene anaimapo pafupi ndi owotcherera zitsulo ku Ndirande kapena ku Mchesi anaona kale zomwe malume ankanena. Pakati pa ndodo yowotcherera ndi chitsulo pamakhala mpata, koma magetsi amadutsa ndithu, m'kati mwa lawi lobiriwira lija loswa maso. Mpweya wozizira umakaniza magetsi zedi: kuti aboole milimita imodzi pamafunika ma volts pafupifupi 3,000. Koma mpweya womwewo ukatentha kwambiri n'kusakanikirana ndi nthunzi ya chitsulo chosungunuka, umasanduka njira. Wowotcherera amasunga lawi lake ndi ma volts makumi angapo chabe. Ndiye taganizani ma volts 11,000 ali kumbuyo kwa lawi lotero. Kawaya kapsa inde, koma pamalo pake paima lawi lotentha madigiri masauzande, ndipo magetsi akuyendabe kupita komwe kuli vuto. Choncho fyuzi ili ndi ntchito ziwiri. Kusungunuka ndi yaing'onoyo. Yaikulu ndi kuzimitsa moto umene yayatsa yokha.

Mphamvu yake imachuluka motani kuti mpaka zifike apa? Apa m'pomwe ndinagwira pakamwa. Thiransifoma ya 100 kVA, ya mtundu umene timaona pa mapolo m'malo ochitira malonda, ikamagwira ntchito mokwanira imakoka ma amps 5 ndi pang'ono okha ku laini ya 11,000. Ketulo ya magetsi m'khitchini imakoka pafupifupi 9. Koma m'kati mwa thiransifomayo mukachitika shoti, kapena mawaya awiri akagundana pafupi ndi sabusitesheni, ma amps amalumpha kufika masauzande. Pa chikalata cha fyuzi ya malume panalembedwa manambala awiri otalikirana kwambiri: ma amps 10 omwe imanyamula tsiku ndi tsiku, ndi 50,000 omwe ingadule osaphulika.

Nanga zija timaziona pamwamba pa mathiransifoma, timapaipi titatu topendekeka, nazonso muli mchenga? Ayi, akuti zimenezo ndi za fuko lina. M'kati mwa paipi yake anamatamo zinthu zomwe zikatenthedwa zimatulutsa mpweya wambiri nthawi imodzi. Mpweyawo umauzira lawi kunja kudzera kumunsi, n'chifukwa chake imalira phuu ngati mfuti, agalu m'mudzi n'kuyamba kuuwa. Kenako paipiyo imamasuka kumutu n'kutsala lende, kuti amagetsi akafika aione ali pansi pomwe kuti yapsa ndi iti, aitsitse ndi ndodo yawo yaitali, asinthe kawaya kokha. Ndi yotsika mtengo, ndipo ine ndimaikonda chifukwa siibisa kanthu. Koma ili ndi malire awiri. Imalavula moto, choncho sungaitsekere m'bokosi lachitsulo la m'tauni, momwe mawaya amadutsa pansi pa nthaka ndipo anthu amayenda mokhudza chitseko chake. Chachiwiri, imadikira. Magetsi athu amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, ndipo potembenuka amafika pa ziro maulendo 100. Fyuzi youzirayi imapambana lawi pa kanthawi ka ziro kameneko. Isanafike nthawiyo, mphamvu yonse ya shoti imakhala yadutsa kale m'thiransifoma.

Yamchenga siidikira. Shoti ikakhala yaikulu imaidula mphamvu ikadali kukwera, isanafike pachimake, gawo limodzi la magawo 100 a sekondi lisanathe.

Imatha bwanji? Yankho lili pa timano tija. Pomwe kamzere kachepa m'pomwe pamayamba kutentha, ndipo poti timano tonse n'tofanana, timasungunuka pamodzi. M'malo mwa lawi limodzi lalitali pamabadwa timalawi tambirimbiri tondondozana. Mayi akatha kuphika sazimitsa moto zikuni zili pamodzi. Amazifumula, chilichonse n'kuchikwirira m'dothi pachokha. Ndi zomwezo. Kalawi kalikonse kamapezeka kapanikizika pakati pa mchenga, kopanda kotambasukira. Nthunzi ya siliva imathawira m'timipata ta mchengawo n'kuzizira. Mchenga umamwa kutentha mpaka kusungunuka, ndipo mchenga wa mtundu umenewu susungunuka msanga, umafuna madigiri pafupifupi 1,700. Kalawi kopanikizika ndi kozizidwa chotero kamafuna ma volts ambiri kuti kakhalebe moyo. Ukaphatikiza zofuna za timalawi tonse, zimaposa zomwe laini ingapereke, ndipo moto umafa.

Malume anatokosa mumchengamo n'kundipatsa kanthu kolimba, kokhakhala, kotuwa, kopiringizika motsatira momwe kamzere kanakulungidwira. Ndi mchenga wosanduka galasi, siliva atamwazikira m'kati mwake timadontho tosaoneka bwino. Mphenzi ikagwa pa mchenga imasiyanso zotere. Galasi limeneli likazizira silidutsitsa magetsi, ndiye pomwe panali njira pamatsala chotchinga. Ndinakatembenuza m'manja nthawi yaitali. Kanapangika m'nthawi yochepa kuposa kuphethira, m'paipi yotsekeka, popanda utsi kapena lawi lotuluka kunja.

Ndiye mchenga wa kudambo ungagwire ntchitoyi? Malume anapukusa mutu. Umafunika wotsukidwa, wopanda zitsulo kapena zinyalala, wosefedwa kuti njere zake zikhale za msinkhu woyenera. Njere zikakula, mipata imakula ndipo lawi limayenda momasuka. Zikasalala ngati fumbi, nthunzi imasowa kolowera ndipo paipi imatha kusweka. Pothira amaugwedeza ndi makina mpaka utadzaza thothotho, pakuti kamphako kamodzi kokha ndi kokwanira kusunga lawi. Kenako amamata zisoti kuti chinyezi chisalowe, chifukwa madzi akakhala m'menemo amasanduka nthunzi pa nthawi yoipitsitsa. Zinandikhudza kuti mbali yotchipitsitsa ya fyuzi ndiyo imafuna chisamaliro chotere.

Nanga siliva, chitsulo chodula, kumuika m'chinthu choti chipse? Palibe chitsulo chodutsitsa magetsi kuposa iye, choncho kamzere kopyapyala kamakwanira, ndipo kakapsa nthunzi yoti mchenga ulimbane nayo imakhala yochepa. Komanso sadyeka ndi kutentha kwa zaka zambiri, ndiye fyuzi yokhalitsa imapsabe pa muyeso umene anaipangira. Kukulunga kuja nako kuli ndi chifukwa: ma volts akachuluka timano timafunika tambiri, kamzere kamatalika kuposa paipi, ndipo kuti kakwanemo n'kofunika kukazunguliza.

Pamenepa ndinaganiza kuti ndapeza njira yachidule. Bwanji osangoika yaitaliyo, ya 33,000, paliponse? Akuti ayi ndithu. Fyuzi ikamatsamwitsa magetsi mwadzidzidzi chotero, ma volts amadumpha kwa kanthawi. Muyeso wa dziko lonse wa IEC 60282-1 umalola fyuzi ya laini ya 11,000 kudumphitsa mpaka 38,000, osapitirira. Ya timano tochuluka ingadumphitse kuposa pomwe zipangizo za lainiyo zingapirire, n'kuboola thiransifoma yomwe imayenera kuiteteza.

Koma chomwe chinandiimitsa mutu kwenikweni ndi ichi: fyuzi yodula ma amps 50,000 imatha kulephera pa 25. Zingatheke bwanji kuti chachikulu chikhale chapafupi, chaching'ono n'kukhala chovuta? Mphamvu ikangopitirira pang'ono, timano sitisungunuka pamodzi. Siliva amafuna madigiri 962, ndipo kamzere kamatentha pang'onopang'ono, paipi yonse n'kutentha nako. Potsiriza kamaduka pamalo amodzi. Kalawi kamodzi sikangagonjetse laini. Kamangonyeka pamenepo, kukazinga mchenga womwewo, mpaka paipi itang'aluka. Opanga anapeza njira ziwiri. Yoyamba inafotokozedwa ndi A. W. Metcalf mu 1939: amadontheza kamtovu kowotcherera mawaya, ka chitsulo cha tini, pakati pa kamzere. Tini amasungunuka pa madigiri 232 okha, ndipo akasungunuka amadya siliva, kamzere n'kuduka paipi isanatenthe koopsa. Yachiwiri ili pa chisoti. Malume anandionetsa kamsomali kotuluka pamenepo pafupifupi masentimita 3. Fyuzi ikakhala yamoyo kamsomaliko kamakhala m'kati, sipuling'i yake itagwidwa ndi kawaya kena kopyapyala. Siliva akaduka magetsi amathamangira ku kawayako, kamapsa, kamsomali n'kutumphuka kukamenya swichi, swichiyo n'kudula mawaya onse atatu.

Atatu onse chifukwa chiyani, vuto lili pa mmodzi? Funsani mwini chigayo. Mota yake imayendera mawaya atatu. Mmodzi akathima, awiri otsalawo amasenza katundu yense. Mota imang'ung'udza, imatentha, ndipo popanda choiteteza imapsa, banja lonse n'kulowa m'ngongole yokaikulungitsanso. N'chifukwa chakenso fyuzi yamchenga imodzi ikapsa ndi shoti amalangiza kusintha zonse zitatu: zinzake zimatha kukhala zitavulala m'kati, timano tina titasungunuka kale, kunja zikuoneka zabwinobwino.

Malume anakumbuka thiransifoma ya pafamu ina yomwe anakaipeza itang'ambika, mafuta ali ponseponse. Wina, potopa ndi fyuzi yopsaipsa, anamangapo waya wa kopa wokhuthala. Sanalankhule zambiri pa nkhaniyi, koma nkhope yawo inasintha. Fyuzi yopsaipsa inkanena kuti pali chovuta, ndipo munthuyo anangoitseka pakamwa.

Ndinafunsa funso lotembenuza. Ngati yokhuthala ndi yoopsa, bwanji osaika yaing'ono kwambiri, yopsa msanga, kuti tikhale otetezeka kotheratu? Akuti thiransifoma ikamayatsidwa imayamba yameza mphamvu yochuluka, ndipo posankha fyuzi amawerengera kuti ipirire kuwirikiza ka 12 muyeso wa thiransifomayo kwa gawo limodzi la magawo 10 a sekondi. Yaing'ono ingamapse nthawi iliyonse magetsi akabwerera, ndipo kwathu kuno amabwerera kawirikawiri. Iyeneranso kupatsa mpata fyuzi za mbali ya ma volts 400 ndi 230 kuti zipse izo poyamba vuto likakhala la kunyumba za anthu, kuti shoti ya pa grosale imodzi isathimitse dera lonse.

"Ndiye malume, fyuziyi imateteza ndani kwenikweni? Ine ndinkayesa imateteza anthu."

"Imateteza thiransifoma ndi laini, mphwanga. Iwe siikuona."

Mawu amenewa sanandikomere, koma manambala akugwirizana nawo. Kaswichi koteteza munthu m'nyumba kamathima pa ma amps 0.03, chifukwa kupitirira pamenepo mtima umakhala pa ngozi. Fyuzi ya ma amps 10 siimva kanthu pa mphamvu yochepa chotero. Waya wa 11,000 akaduka ndi mphepo n'kugwera pa nthaka youma ya mu Okutobala, pa thanthwe kapena pa phula, dothi louma limakaniza magetsi, ndipo odutsa amatha kukhala ochepa kuposa a ketulo ija. Fyuzi imaona ngati ndi tsiku wamba. Ku sabusitesheni kumakhala makina ena omvetsera magetsi othawira m'nthaka, ndipo nthawi zambiri amathimitsa laini, koma nawonso pali shoti zina zofooka zomwe sazigwira. Wayayo amakhala ndi moto wake wonse, ndipo nthaka yomuzungulira imatha kugwira munthu kapena ng'ombe isanamukhudze n'komwe.

"Nanga ndikamupeza waya wotero panjira ya ana a sukulu, nditani?"

"Ima patali, mamita 10 kapena kuposa. Usamukankhe ndi mtengo, ngakhale wouma. Bweza ana ndi ziweto, uimbire amagetsi, ndipo usachokepo mpaka pabwere wina wokulandira kulondera."