Ndinkati nyanja ndi Zomba ndikuzidziwa

Ndinauza banja langa kuti majuzi atsale. Pa zonse zimene ndinalakwitsa pa ulendo wa tchuthi cha 6 Julayi chaka cha 2024, ichi ndicho chimandiwawa kwambiri, chifukwa akazi anga anali atalongedza kale majuzi a ana m'chikwama, ine n'kuwatulutsa ndi manja angawa, ndikunena motsimikiza kuti kunyanja sikuzizira ndipo m'buti mulibe malo. Pulani yanga inali yoti tichoke ku Lilongwe, tidzere ku Senga Bay, tikagone ku Cape Maclear, kenako tikathere ku Zomba kumene ndinaphunzira, kuti ana akaone ndi maso malo amene bambo awo sasiya kuwatchula. Sizinandifikire m'mutu kuti magombe onsewa ndinawadziwa ndili mnyamata wa pa trip ya ophunzira, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, woyendetsa ali wina, wodziwa kogona ali wina, ine ntchito yanga ili kuimba kumpando wakumbuyo.

Msewu wa M14 unatitsitsa bwinobwino mpaka ku Salima. Titafika ku Senga Bay, mchenga umene ndinalonjeza ana unali pansi pa madzi. Chaka chimenecho nyanja inadzaza mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo, nkhaniyo ndinaimva pa wailesi kangapo koma sindinailumikize ndi ulendo wanga. Mwera nawo unali pakalapakala, mphepo ija yochokera kummwera chakum'mawa imene imalamula nyanja m'miyezi yozizira, mafunde akumenya mitengo, ana ataima atapinda manja pachifuwa. M'malo movomereza kuti zavuta, ndinati ndikudziwa kagombe kena kobisika, n'kulowetsa kagalimoto kathu kotsika m'kanjira ka mchenga, ndipo katatitimira ndinaponda moto, katakana ndinaika reverse n'kupondanso, matayala akukumba, mchenga ukuwazikira anyamata amene anabwera kudzakankha, mpaka galimoto inakhala pamimba. Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu, "Achimwene, phwetsani matayala pang'ono, ndipo moto musamaponde kwambiri." Ndinawayankha kuti galimoto ndayendetsa zaka zambiri. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero, chifukwa patapita nthawi, thukuta lili kamukamu, ndinachita zomwezo zimene ananena ndipo galimoto inatuluka. Iwo sanaseke. Pampu ndinalibe, motero tinabwerera ku Salima pang'onopang'ono matayala ali ofewa.

Ndinafuna kubweza ulemu wanga ndi chambo. Mwera ukalimba asodzi ambiri salowa m'madzi, mabwato amakhala pamtunda, nsomba n'kusowa ndi kudula, koma ine ndinaona mnyamata atanyamula nsomba zotungidwa pa mlaza, ndinazitchula ndekha kuti chambo, sindinam'patse ndi mpata woti ayankhe, ndinanenerera mtengo mokweza mawu n'kubwerera kugalimoto monyadira. Akazi anga anaziyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Abambo, awa ndi makumba." Ndinazimangirira pagalasi la m'mbali monga amachitira madalaivala a m'mbali mwa nyanja kuti mphepo izizipita, koma mfundo yake ndinali ndisanamangepo. Podutsa pa Chipoka zinalipo. Pofika pa Mua panangotsala mlaza.

Ku Cape Maclear tinafika kutada, titadutsa kamsewu kokhotakhota ka m'mapiri kochokera ku Monkey Bay. Booking sindinachite, poganiza kuti nthawi yozizira kunyanja kumakhala zii, osadziwa kuti miyezi yomweyi ndiyo alendo ochokera ku Ulaya amabwera ambiri, ndiye ndinayenda m'mudzi wa Chembe khomo ndi khomo, tochi ya foni ili m'manja, batire ikutha, paliponse akundiuza mwaulemu kuti kwadzaza, mpaka tinapeza kachipinda kamodzi kokhala ndi bulangete lopyapyala, ana n'kufunda zitenje za mayi awo ndi matawulo osambira. Mwana wanga wamkazi anafunsa mumdima, popanda mwano uliwonse, "Adadi, kodi majuzi aja tinawasiyiranji?" Ndinalibe yankho loti n'kum'patsa.

M'mawa kunacha bwino. Gombe la Chembe limatetezedwa ndi mapiri ake, madzi anali odekha, chilumba cha Thumbi chili poteropo, ndipo ana anaona mbuna za buluu ndi zachikasu zikusewera m'miyala, nsomba zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980, ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Pamenepo ndikanangokhala chete. Koma pa manda a amishonale ndinayamba kuphunzitsa mokweza, alendo ena akumva, kuti mishoni ya pano anaiyambitsa ndi David Livingstone. Mtsikana wanga uja anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti Livingstone anamwalira mu 1873, kuti gulu la Robert Laws linafika pano mu 1875, ndipo malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881. Ankanena zoona, ndipo ananong'ona pofuna kunditeteza.

Za Zomba ndilibe ndi chowiringula chomwe. Ndinakhalako, chiperoni ndinkachidziwa, koma m'mutu mwanga munangotsala masiku a dzuwa. Titawoloka Shire pa Liwonde n'kudutsa Malosa ndi Domasi, kamvula kowaza kaja kanayamba, phiri litabisika, ndipo choyamba chimene ndinachita m'tauni imene ndinkaitama panjira ponse ndi kuimika galimoto pamsika n'kumasankha majuzi pa kaunjika, banja lili m'galimoto ngati nkhuku zonyowa. Kenako tinapita ku Chirunga. Ine ndimangoti Chanco, koma Chancellor College, imene inasamukira kuno kuchokera ku Blantyre mu 1973, kuyambira 2021 ndi University of Malawi. Great Hall ndinaipeza mosavuta, mtima unagunda. Njira ya ku hostel yanga yakale ndiyo inanditayika pakati pa nyumba zimene sindinkazidziwa, ndinatsogolera banja uku ndi uku m'kamvula, ndikukana kufunsa pamalo amene ndinkati ndi kwathu, mpaka wophunzira wina anatiimitsa n'kufunsa mwachifundo, "Ankolo, mukufuna mwana wanu? Ali chaka chanji?" Ndinam'fotokozera kuti inenso ndinaphunzira pompano. Anagwedeza mutu mwaulemu n'kutilozera njira. Sanalakwitse kanthu, koma ndinamva kuwawa kumene sindinakukonzekere, chifukwa ndinabwera ndikuyembekezera kuti malowa andizindikira.

Chimene chinatsatira si nkhani ya manyazi okha. Ndinaumirira kuti tikwere phiri tikaime pa Emperor's View, pamene Haile Selassie anaima mu 1965, pamene kukakhala koyera umaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Mnyamata wogulitsa zipatso cha ku Ku Chawe anandichenjeza, "Bwana, lero simukaona kanthu." Ndinapitabe, ndipo tinaona chifunga chokhachokha. Potsika, phazi langa silinachoke pa buleki, galimoto ili mu giya yaikulu, ngodya ikubwera pambuyo pa ngodya, phompho lili mbali imodzi, kenako fungo la chinthu chopserera linalowa m'kati, buleki n'kuyamba kufewa pansi pa phazi, ine kukamwa gwa, osafuna kuti ana adziwe. Akazi anga ananena modekha, "Abambo, ikani giya yachiwiri." Ndinaika, injini inagwira liwiro, ndipo pamalo pena potakasuka ndinaimika ndi handbrake. Manja anga ankanjenjemera pa chiwongolero. Tinakhala pamenepo kudikira kuti mabuleki azizire, anthu otsika ndi nkhuni panjinga akutidutsa, ana kumbuyo akudya zipatso zawo osadziwa kuti bambo awo anatsala pang'ono kuwagwetsera kuphompho chifukwa chofuna kuoneka wodziwa. M'zaka zanga zonse za ku Zomba phirilo ndinkalikwera wapansi kapena pa lole ya ophunzira, ndinali ndisanatsitsepo galimoto.

Usiku umenewo ndinapepesa akazi anga, ndipo m'mawa ndinapepesanso ana. Wamng'ono anabwerera ku Lilongwe ndi chimfine, makaniko anasintha ma brake pad amene anapserera. Inu amene mukukonza ulendo wotere mu Juni kapena Julayi, majuzi tengani, kogona muimbiretu foni, ndipo potsika phiri la Zomba ikani giya yaing'ono musanafike pa ngodya yoyamba.