Kabokosi ka gitala kautsa mkangano pa Kaseye

Loweruka masana pa Kaseye, pakhonde la shopu ina yotchajirako mafoni, panali phokoso loti ngakhale amayi ochokera kuchipatala cha mishoni amayenda akucheuka. Mwini phokosolo anali mnyamata woimba gitala ya lidi m'kwaya ina ya m'derali. Anabwereka sipika yaikulu ndi mikisa kwa mwini shopu, pansi n'kuikapo kabokosi kakuda ka mabatani opondapo, kokhala ndi kagalasi kowala. Ine ndinali pabenchi kudikira foni idzaze, ndipo nkhani inandipeza pomwepo. Imayenda m'zinenero zosakaniza monga zimakhalira ku Chitipa, Chilambya apa, Chinyiha apo, Chiswahili akafika pa mitengo ya katundu.

"Andibera anthu aja," anatero mnyamatayo. "Ku Tunduma kamalira bwino. Usiku ndikavala mahedifoni kamalira bwino. Koma Lamulungu lapitali nditangoponda chonchi, azimayi akutsogolo anagwira m'makutu."

"Ife timayesa njuchi zalowa m'chigubu," anatero mayi wina wogulitsa zitumbuwa, osadzutsa n'komwe mutu.

Anthu anafa nacho chiseko. Amene sanaseke ndi mkulu wina wa imvi amene amakonza mawailesi pafupi pomwepo. Anthu amati paunyamata wake anaimbako m'mabala a ku Copperbelt, kumene anthu ambiri a kuno ankapita kukasaka ntchito. Anasiya wailesi ili chitsegulire, n'kubwera kudzanjuta pafupi ndi kabokosiko.

"Mphwanga, kanthu aka ukukadziwa ntchito yake?"

"Ndi ampu, amalume. Muli maampu ambirimbiri m'menemu."

"Mulibe ampu ngakhale imodzi. Muli kakompyuta kotsanzira. Kamamva zimene gitala yako yatulutsa, n'kuwerengetsera kuti ampu yakutiyakuti ikanazisintha bwanji, sipika yake ikanalira bwanji, maikolofoni ikanatola chiyani. Zinthu zitatu zimenezo. Iwe wazimitsapo chimodzi."

Analoza pakagalasi pomwe panalembedwa kuti CAB, pambali pake OFF. Mnyamatayo anati anazimitsa dala, chifukwa mzungu wina pa YouTube anati ukazimitsa pamenepo mawu amamveka bwino.

"Mzungu wakoyo analumikiza ku chiyani?"

"Ku ampu ya gitala."

"Nanga iwe?"

Mnyamatayo anayang'ana sipika ya mwini shopu ija, n'kukhala chete.

Apa mkuluyo anafotokoza mofatsa, ndipo ndi pomwe panagona nkhani yonse. Sipika ya m'bokosi la gitala, yomwe kawirikawiri imakhala ya mainchesi 12, ndi yogontha ku mawu osongoka kwambiri. Zikapitirira mahetzi 5,000 kapena 6,000 imangozimeza, ndipo kugontha kumeneko ndiko kumakometsa gitala yamagetsi. Sipika za kwaya ndi za madisiko n'zina. Zili ndi twita, kasipika kakang'ono kapamwamba kaja, kamene ntchito yake ndi kutulutsa chilichonse chosongoka kuti mawu a woimba amveke bwino. Ukailowetsa gitala mumikisa CAB ili yozima, zonyansa zonse zimene sipika ya gitala ikanabisa twita imazimwaza pamtunda. Ukakhala ndi ampu yeniyeni ya gitala, CAB uzimitse, chifukwa sipika ilipo kale ndipo kusefa kawiri kumatseka mawu. Ukamapita kumikisa, iyatse. Basi.

Anadina kabataniko. Mnyamatayo anakhwacha nsambo, ndipo kuluma kuja kunachepa pomwepo.

"Eee, zachepako njuchi," anatero mayi aja.

"Zatsala za gain," anayankha mkuluyo. Anapotokola kabatani kena n'kupeza kuti gain ili pafupi ndi kumapeto. "Ukuimba nyimbo zanji iwe, za rock?"

Zokonzeratu zimene zimabwera m'timabokositi, kaya ndi ta Zoom, ta Boss kapena ta Line 6, zambiri anazikonzera oimba rock, komanso kuti wogula akayesa m'sitolo adabwe. Ife kuno khutu lathu linakulira kwina. Gitala ya rumba ndi sebene ya ku Congo, ya Franco kapena ya Diblo Dibala, ya kalindula wa ku Zambia, ya sungura wa ku Zimbabwe, ngakhale ya Alleluya Band ya ku Balaka, yonseyo ndi gitala yoyera, yoti nsambo iliyonse imveke payokha. Mkuluyo anasakasaka pamndandanda mpaka anapeza dzina loyamba ndi JC. Anati n'kotsanzira Roland JC-120, ampu imene inatuluka mu 1975 ndipo imadziwika ndi mawu oyera komanso chorus yake. Anati akanasowa imeneyo akanatenga yotsanzira Fender Twin Reverb. Gain anaitsitsa mpaka pansi pa theka, n'kukweza voliyumu yotulukira.

Mnyamatayo sanagonje msanga. "Komatu amalume, usiku m'mahedifoni zimamveka zonona. Besi yake, kuwala kwake. Apa mwandiumitsira."

"Usiku umaimbira ndani?"

"Ndekha."

"Ndiye ukonzerenji gitala ya anthu mazana uli wekha m'bulangete?"

Pamenepa mkuluyo amanena zoona, ngakhale sanatchule mabuku. Akatswiri awiri a ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anaonetsa kale mu 1933 kuti khutu la munthu silimva mofanana phokoso likakhala lochepa ndi likakhala lalikulu. Voliyumu ikakhala pansi, mawu a besi ndi osongoka kwambiri amamveka mofooka, ndiye munthu umawawonjezera. Ukakweza voliyumu m'tchalitchi, onse aja amabwerera ndi mphamvu, gitala n'kuyamba kugunda pansi ndi kuluma pamwamba, pakati pali gwaa. Chonsecho malo a gitala m'gulu ndi pakati pomwepo. Pansi pali kale mwini besi ndi dzanja lamanzere la wa kiyibodi, pamwamba pali zitsulo za ng'oma. Mkuluyo anadula zonse za pansi pa mahetzi 100, anadulanso pamwamba cha m'ma 6,000, n'kukweza mid pang'ono.

Kunena zoona, itaimbidwa yokha pakhondepo gitalayo inamveka yowonda, ndipo nkhope ya mnyamatayo inaonetsa kuti sakukondwa. Koma mwini shopu anaika nyimbo ya kwaya ya ku Tanzania pa foni, kuilowetsa mumikisa momwemo, n'kumuuza kuti aimbe motsatira. Gitala ija inatulukira pamwamba pa nyimboyo bwinobwino popanda kukweza kalikonse. Wakabaza wina amene amadikira pasenjala anazimitsa njinga yake kuti amvere.

"Ukakonzere m'tchalitchi momwemo," anatero mkuluyo, "pa voliyumu ya Lamulungu, anzako onse akuimba. Ukatero usunge, ulembe nambala yake pa pepala."

Za reverb sanataye nthawi. Anati nyumba ya njerwa yofolera ndi malata ili nayo kale yakeyake, ndipo ukawonjezera ya m'kabokosi nyimbo imangosanduka phala la mawu. Anaisiya pang'ono zedi. Pa delay ndiye anakangana. Mkuluyo amafuna kubwereza kumodzi kokha, kofupika. Mnyamatayo amati sebene yopanda delay yomveka si sebene, ndipo ine ndinaona kuti apa wamng'onoyo ndiye amakhoza. Anagwirizana chimodzi chokha, kuti liwiro la delay aziliponda ndi phazi motsatira ng'oma pa nyimbo iliyonse, osati kulisiya pomwe analipeza.

Kenaka panabuka kulira kwina, kwa "mmmm" kosalekeza, nthawi iliyonse mnyamatayo akachotsa dzanja pa nsambo. Mkuluyo anatsatira chingwe cha magetsi ndi maso mpaka pa adaputala yotchipa yolumikizidwa ku invata ya sola. Anaizula, n'kuitanitsa mabatire anayi a tochi ang'onoang'ono aja. Kulirako kunatsika kwambiri. Anachenjezanso kuti timabokosi tambiri timafuna mavoti 9 ndipo waya wapakati ndi wa negetivu, mosiyana ndi maadaputala ambiri a pamsika, choncho kungotola iliyonse yokwana pabowo n'kuotcha ndalama. Ndipo kanyali kofiira ka pamikisa kakamayaka, anatero, utsitse gain ya pamikisapo, usanamizire gitala.

Atamaliza anayamba kudandaula kuti zonsezi n'zoseweretsa, ampu yeniyeni ndi ya mavavu, yotentha kumbuyo, imene iwo ankaimbira ku Kitwe. Apa ine sindinavomereze, ngakhale sindinalankhule. Twin Reverb imalemera pafupifupi makilogalamu 30. Ndani angaikweze pa kabaza kupita nayo kumatchalitchi a kumidzi nthawi ya dzinja? Vavu ikapsa, uyipeza kuti pakati pa Chitipa ndi Karonga? Kuchokera pomwe Line 6 inatulutsa kabokosi kofiira kotchedwa POD mu 1998, timabokositi takhala tikutsika mtengo mpaka mwana wa mlimi wa chimanga akutha kukagula kamodzi pa boda, kukaika m'chikwama, n'kukaimbira pa mabatire kumene waya wa magetsi sunafike. Kwa dera ngati lino palibe chida china choposa chimenecho.

Mkuluyo anapempha gitala kuti alaweko. Anangoimba pang'ono, zala zikuoneka kuti sizinaiwale, kenaka anaima n'kuyang'ana nsonga za zala zake. Zinali zofiirira ndi dzimbiri.

"Nsambo izi unasintha liti?"

"Zinabwera ndi gitala, amalume. Yachitatuyo ndi imene ndinalumikiza itaduka."

"Ndiye ukuvutitsiranji kabokosi? Kangatsanzire bwanji mawu amene gitala sikutulutsa?"

Mnyamatayo anati ndalama zonse zinathera pa kabokosi komweko, ndipo msungichuma wa kwaya anamuuza kuti za nsambo adikire anthu akolole. Mayi a zitumbuwa anati mlamu wawo akupita ku Nakonde Lachiwiri kukaoda katundu, ngati ndalama ilipo amutume. Wakabaza uja anati iye Lolemba ali ndi ulendo wa ku boma, akafunsako m'mashopu. Mkuluyo anabwerera ku wailesi yake akunena kuti aliyense amene apite agule mapaketi awiri, chifukwa nsambo yoyamba sichedwa kuduka, ndipo mabatire anayi aja ndi ngongole, mnyamatayo akalipire kwa mwini shopu.