Mlendo wopanda madola ku Chembe

Mwamuna aliyense wa m'tauni ali ndi malo amene amawadziwa bwino kwambiri ngakhale sanapondeko. Anga anali Cape Maclear. Pa bawo ndinkafotokoza za mchenga wa kumeneko mwaulamuliro, chonsecho ndidangouona pa kalendala ya kometetsa tsitsi. Choncho alamu anga, msodzi wa m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear komweko, atanditumizira uthenga woti ndadya usipa wawo waulere kokwanira, tsopano ndipite ndikaone kumene umachokera, ndidasowa pothawira.

Ndidavala kabudula, chipewa chachikulu ndi magalasi akuda ogula pa kaunjika. Mayi a kunyumba adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, mukupita kwa alamu anu kapena kokachita sewero?"

Ndidawauza kuti umu ndi mmene anthu okaona malo amatchenera.

Minibasi idanditula pafupi ndi Monkey Bay, ndipo makilomita pafupifupi 18 otsalawo ndidayenda pa njinga yamoto ya kabaza, nditakumbatira m'chiuno mwana wa eni mwachikondi chimene akazi anga sanachionepo. Tili m'kati mwa mapiri, mnyamatayo adaima pa Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yakuya thupi lonse, chimene boma limachiteteza. Ndidavula magalasi, n'kukhosomola pang'ono, n'kuyamba kumuphunzitsa za luso la makolo athu amene adasema mwala wolimba chotere popanda makina.

"Ayi madala," adatero mnyamatayo, "imeneyi ndi ntchito ya dzuwa ndi mvula. Tidaphunzira ku Fomu 2."

Akuluakulu amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kanga kanali kobuntha.

Chembe ndi mudzi wautali wotsata gombe, ndipo wazunguliridwa ndi paki ya Lake Malawi National Park. Pamchenga pamakhala anyamata odikira alendo. Mzungu akangotulukira amamuthamangira ndi Chingerezi chosalala, wina atanyamula mikanda, wina akulonjeza boti. Ine ndidadutsa pamaso pawo pang'onopang'ono kuti andione bwino. Palibe adadzuka. Ndidabwerera, ndikuyankhula Chingerezi pa foni yozima. Potsiriza mmodzi adandiyandikira, mtima wanga n'kukhala pansi.

"Akulu, mwabwera kudzapikula usipa? Ndowa zingati?"

Kwa alamu adandilandira ndi nsima ya kampango, ndipo ndidaiwala zonse za ulemu wa mlendo mpaka kunyambita zala. Kunja, usipa unali mbuu pa thandala, amayi akuutembenuza. Kutada ndidaona mzere wa magetsi patali pa nyanja, ndipo ndidayamikira kuti ku Salima chitukuko chafika povuta, magetsi sakuzimazima ngati kwathu. Ana adagubuduka ndi phwete. Alamu adandinong'oneza kuti amenewo ndi asodzi, amayatsa nyali kuti usipa usonkhane, kenaka n'kuuzinga ndi khoka la chilimira. Ndidati ndimangowayesa anawo nzeru.

Kutacha tidapita ku manda a amishoni, chakumapeto kwa mudzi polowera ku Otter Point. Anthu amenewa adachokera ku Scotland, ndipo adafika pano mu 1875 pa sitima ya Ilala, motsogozedwa ndi E.D. Young, ali ndi Dr Robert Laws. Apa mpamene padayambira mishoni ya Livingstonia. Malungo adawasautsa, mpaka dokotala mnzawo William Black adamwalira mu 1877. Pofika 1881 adali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, ndipo adasamukira ku Bandawe, kenaka ku Khondowe mu 1894. Ndidaima pamandapo n'kuwalalikira alamu za kuopsa kwa udzudzu ndi kufunika kogona m'neti usiku uliwonse. Alamu adangofunsa ngati neti imene adaiona kwathu itatchinga anapiye ikadalipo. Ulaliki udathera pomwepo.

Kenaka idakwana nthawi ya boti, ulendo wa ku chilumba cha Thumbi. Ine madzi amene ndimagwirizana nawo ndi a m'bafa. Ndidapempha jekete loyandamitsa, n'kufunsanso ngati pali lachiwiri la miyendo. Titafika pamiyala, mwini boti adamwaza nyenyeswa za buledi, ndipo madzi adasanduka utoto: tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tikuphiriphitha mozungulira dzanja lake. Izi ndi mbuna. Zilipo za mitundu mazanamazana, ndipo kwawo kwenikweni ndi nyanja yathu yokhayi. N'chifukwa chake boma lidakhazikitsa pakiyi mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Anthu amakwera ndege kuchokera ku Germany ndi ku Japan kudzangoziyang'ana.

Ine ndidafunsa funso limene Mmalawi aliyense woganiza bwino angafunse: "Zimakoma zokazinga kapena zowamba?"

Mwini boti adandiuza kuti m'kati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la paki saloleza kupha nsomba, ndipo ndikayerekeza ndikafotokoza bwino kwa asilikali a paki. Adawonjeza kuti mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa kwa masabata angapo, osadya kanthu. Nkhani imeneyi ndaganiza zosakaifikitsa kunyumba, chifukwa ine ndikangolipira fizi ya teremu imodzi ndimadandaula mwezi wathunthu.

Pobwerera mwini boti adaimba likhweru, n'kuponya nsomba m'madzi. Nkhwazi idatsika kuchokera mumtengo, mapiko tambasu, n'kuitola ndi zikhadabo osanyowetsa ngakhale nthenga. Ndi mbalame yomweyi imene ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu. Onse adaomba m'manja. Ine manja adalemera, chifukwa nsomba imeneyo ndinkaiwerengera kuti ndi ndiwo zathu za masana.

Potsanzikana alamu adandisenzetsa thumba la usipa. Pa siteji kondakitala sanafune kumva za magalasi anga: adati katundu wa geni amalipira payekha. Amayi ena m'minibasimo adayamba kunenerera mtengo, ndipo tisanafike pa Golomoti ndinali nditagulitsa mbale zingapo. Mnyamata wa pagombe uja adali mneneri.

Tsono inu anzanga a pa bawo, amene mumadziwa misewu ya Johannesburg ndi mayina a osewera onse a Arsenal koma mbuna simunaionepo, sungani ya mowa ya mwezi umodzi mupite ku Chembe. Pa geti la paki Amalawi timalipira zochepa kuposa alendo akunja. Mutenge neti, mukasamba m'nyanja mukapite kuchipatala akakuoneni za likodzo, ndipo mukaona chinthu chimene simukuchidziwa, funsani ana a m'mudzimo musanayambe kuphunzitsa.