Gitala Yakale Siyesedwa ndi Foni

Adzukulu anga, ha, adzukulu anga inu! Ndamva kuti mwayamba kusakasaka magitala akale, aja opanda magetsi, ati poti ndiwo ali ndi mawu. Zikomo, mwakumbukira. Koma kayesedwe kanuko, ine mutu waima. Mnyamata wodziwa tinyimbo tiwiri tokha alandira gitala yobadwa bambo ake asanabadwe, ayamba waijambula kaye, kenako afunsa foni ngati nsambo zachunidwa. Makutu munabwereketsa kwa yani?

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ana inu. Ife gitala tinkayamba taipenda khosi, kusuzumira kuchokera kumutu diso limodzi chotsinzina, kuti tione ngati lapindika. Nsambo zikatukuka kutalikirana ndi khosi, imeneyo ikutupitsani zala nyimbo isanathe. Tinkayang'ana pamimba, pogwira nsambo paja, ngati guluu wayamba kumatuka, kenako n'kugogoda thabwa pang'onopang'ono, khutu lili pomwepo: ikachita phokoso la chinthu chogwedera, ndiye kuti timitengo tochirikiza m'kati tamasuka. Tikatero m'pamene tinkakhwatcha nsambo imodzi, imodzi yokha, n'kudikira kuti kulira kwake kuthe kokha. Inu mukangoona vanishi akunyezimira, basi, dzanja m'thumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!

Ndiye pakamwa mayina mbwee, ati Martin, ati Gibson. Inde, Martin inayamba mu 1833, ndipo kwawo ndi ku Nazareth wa ku Pennsylvania, osati wa m'Baibulo uja. Gibson J-45 inatuluka mu 1942. Matabwa a rosewood wa ku Brazil, amene ankapangira zodulazo, malonda ake pakati pa mayiko anawatsekereza mu 1992, n'chifukwa chake zotsalazo mtengo wake ngosayamba. Koma kwathu kuno gitala inkabwera ndi a ku Joni, pamodzi ndi bulangeti ndi sutikesi, dzina lake Gallotone, yotchipa, youma nsambo. Mukuseka? John Lennon wa Beatles naye anaphunzirira pa Gallotone, yopangidwa ku South Africa komweko, ndipo yakeyo inagulidwa ku London mu 1999 ndi mapaundi oposa 150,000. Zathu zinadetsedwa ndi mwaye kudenga la khitchini, zina inu nomwe munazimanga chingwe n'kumakoka pabwalo, ati galimoto. Hmm! Ndisanene zambiri.

Wosowa ndalama ankakhoma yake: chigubu cha mafuta, thabwa, waya wa buleki ya njinga. A Daniel Kachamba a ku Chileka, a Allan Namoko ndi banjo yawo, anavinitsa dziko lonse akuchuna ndi khutu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma inu kufunsa ayi, mpaka mudye phula.

Chabwino, bwerani Loweruka, ndikutsitsirani yanga. Koma muwenge zikhadabo za kumanzere, musambe m'manja mafuta a chipisiwo, ndipo lamba wachitsulo chachikuluyo muvulire pakhomo, angandikandire msana wa gitala.