Pikapuyo Musaigwaditse, Achimwene

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Moatize. Kuno ku Joni tilipo, kungoti lendi ndiyo sikudwala n'komwe. Uthenga wanu ndaumva, woti mnyamata wanu wakunyengererani kuti pikapu tinasonkherana ija muitsitse, mimba yake izinunkhiza tala monga amaonera pa TikTok, ati kuti izimwa mafuta pang'ono. Poti chitseko chimodzi cha galimotoyo ndi changa, ndiloleni ndiyankhulepo makanika asanagwire sipanala.

Mnyamatayo sananame kotheratu. Galimoto ikamathamanga imalimbana ndi mphepo, ndipo mphepo ina imalowa kunsi n'kukakodwa mu difu, masipuling'i, ekizozi ndi zitsulo zonse zolendewera kumeneko. Mukaitsitsa, mphepo yolowa pansi imachepa, matayala nawo amabisalako pang'ono. Koma mphepo ili ndi lamulo lake: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Ndiye kuti pa makilomita 120 pa ola imakankha kanayi kuposa pa 60, ndipo pa 30 imangokupatsani moni. Phindu la kutsitsa galimoto limaoneka pamsewu ngati wa N1 pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, wosalala, wa mizere ingapo, pomwe munthu angagwire 120 kwa nthawi ndithu osaponda buleki. Tsono tandiuzani, pa N7 kuchokera ku Moatize kukafika ku Zóbuè, ndi pati pomwe mungathamange chotero? Kutsogolo kuli thiraki yopita ku Malawi kudzera pa Mwanza, kumbuyo minibasi ya chapa ikuliza hutala, m'mbali njinga ya makala, pakati mbuzi yomwe sinaganizebe kuti ilowera kuti. Komanso msewuwo ndi wokwera, kuchoka m'chigwa cha Zambezi kupita kumapiri a m'malire. Pachitunda, amene amamwa dizilo ndi katundu ndi phazi la dalaivala, mphepo ilibe mlandu.

Tiyeni tiwerengere mnyamatayo mowolowa manja. Tingoyerekeza kuti pikapu imamwa malita 10 pa makilomita 100, omwe ndi pafupifupi mtunda wa ku Zóbuè, ndipo timupatse kuti kutsitsako kwapulumutsa magawo atatu pa 100 alionse, ngakhale pamsewu wathuwo n'kumukomera mtima. Zimenezo ndi mamililita 300, botolo limodzi la Fanta. Kuti botolo limeneli lipezeke, makanika achotse masamba ena a masipuling'i kapena aike mabuloko pa ekiselo, ndipo malo omwe galimoto imanyutukira ikalemedwa atha. Mukakweza matumba a mbatata ya kachewere yochokera ku Angónia, chasisi chizikhala pa ekiselo, dzenje lililonse muzilimva m'mano. Kutsogolo nako sampu yayandikira miyala. Sampu ikabooka oilo amatha mwakachetechete, injini n'kugwira, ndipo galimoto yoima pansi pa mtengo wa mango ndiyo yokhayo ndikudziwa kuti simwa mafuta ngakhale dontho.

Ndikudziwa adzati, nanga akatswiri a ku America ndi opusa? N'zoona kuti kuyambira mu 2013 pikapu ya Ram 1500 yokhala ndi masipuling'i a mpweya imadzitsitsa yokha ikafika pa liwiro lalikulu kuti isunge mafuta. Koma aonetsetse bwino. Imatsika pang'ono chabe, osafika masentimita awiri, ndipo ikachepetsa liwiro imadzukanso. Pamsewu woipa dalaivala amadina batani, iyo n'kukwera kuposa poyamba. Anthu amene anaipanga, ndi makina awo onse oyezera mphepo, sanayerekeze kuigwaditsa mpaka kalekale. Yathuyi ikagwada yagwada, ilibe batani, ndipo njira za kumidzi nthawi ya dzinja sizidzaimvera chisoni.

Adzatinso kuno ku Joni anyamata amatsitsa ma Nissan 1400 ndi ma Corsa, bwanji sakudandaula? Amatsitsadi, ndipo Lamlungu akazipukuta zimakongola. Koma palibe mmodzi amene amachitira zimenezo mafuta. Amafuna anthu acheuke. Amaikanso marimu akuluakulu ndi matayala otambalala, omwe ndi olemera ndipo amagwira tala kwambiri, moti kabotolo ka Fanta kaja amakamwa okha n'kupemphanso kena. Pa hampu amadutsa chopingasa, pang'onopang'ono, kenaka n'kuponda moto kuti anthu amve ekizozi, ndipo kuima n'kunyamuka kotereku ndiko kumakhuthula thanki. Kumbuyo kwa galimoto zimenezi mumakhala masipika, simukwera chimanga.

Ngati nkhawa ya mnyamatayo ilidi pa dizilo, ntchito ilipo yambiri, kungoti siioneka bwino pa foni. Ayambe ndi katundu amene mumasanja mpaka kupitirira denga la kabini, matumba pansi, madengu pamwamba, njinga pamwamba pa madengu. Khoma limenelo limagwira mphepo yambiri kuposa yomwe angaibise kunsi, choncho asanatsitse galimoto atsitse kaye katundu. Aziyeza mpweya wa matayala sabata iliyonse, chifukwa tayala lophwa limakoka mafuta. Fyuluta ya mpweya aziiona kawirikawiri. Chiyambire kampani ya Vale kukumba malasha ku Moatizeko mu 2011, mpaka mgodi kupita m'manja mwa kampani ya Vulcan mu 2022, inu nomwe mukudziwa mtundu womwe malaya oyera amabwera nawo kuchokera pachingwe, ndipo injini imapuma mpweya womwewo. Akaima pamsika wa Zóbuè kudikira katundu azizimitsa injini, asamaisiye ikulira kuti atsikana ogulitsa tomato adziwe kuti wafika.

Marandi ndatumizawo ndi a matayala awiri akumbuyo ndi fyuluta, ndipo chonde alandire ndi alamu. Mnyamatayo akaumirirabe kuti china chake chitsike, muyambe ndi ndalama yomwe mumamupatsa ya mayunitsi. Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti bulangete lawo libwera pa Khirisimasi.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni