Piyano Yodziimba Yokha Nayonso Imadwala Dzinja

AGOGO: Amuna anga, tasendera kuno. Chibwerere kutchuthi sunandiuze chimene aphunzitsi akukudyetsa kutauniko. Mbuzi zanga ziwiri zija zidagula nzeru yanji?

MDZUKULU: Teremu ino timaphunzira kasungidwe ka zinthu zakale, agogo, zija amaika m'nyumba zosungiramo mbiri. Makamaka nkhani ya chinyezi.

AGOGO: Chinyezi? Chomwechi chonyowetsa mchere? Ukadanena ndikadakuphunzitsa ndekha, mbuzi zanga n'kukhala zili m'khola.

MDZUKULU: Dikirani kaye. Mukulidziwa limba la kutchalitchi lija? Kunja kuli mbale wake, dzina lake piyano. Ndiye kuli mtundu wina wa piyano umene umaimba wokha. Makiyi amangotsika n'kukwera, chala cha munthu palibe.

AGOGO: Mayo ine! Masanasana?

MDZUKULU: Masanasana, ana akuonerera.

AGOGO: Kuno munthu atakhala ndi chinthu chotero, bwalo la amfumu lingadzaze tambala asanalire. Azungu akachita iwo mumati sayansi.

MDZUKULU: Palibe zamatsenga, agogo. Anayambitsa ndi Edwin Votey, wa ku Detroit ku America, mu 1895. Poyamba linali bokosi la zala zamitengo limene ankalikankhira pa piyano, ndipo kampani ya Aeolian inkaligulitsa pa dzina loti Pianola. Kenaka anthu anayamba kuika makina onsewo m'mimba mwa piyano momwemo. M'zaka za m'ma 1920 zinali mbwee m'nyumba za ku America, mpaka wailesi itazilanda malo.

AGOGO: Nanga chimatsitsa makiyiwo n'chiyani?

MDZUKULU: Mpweya. Pansi pake pali mvukuto waukulu. Munthu amakhala pampando n'kumapalasa ndi mapazi, mvukutowo n'kumayamwa mpweya m'kati.

AGOGO: Ima pomwepo. Munthu amatani?

MDZUKULU: Amapalasa.

AGOGO: Ndiye yodziimba yokha ili pati? Munthu thukuta kamukamu, ulemu n'kupita kwa bokosi! Wopalasayo ayenera kuti amakhala mkamwini.

MDZUKULU: Zinaliponso zoyendera magetsi. Koma nyimboyo ili pa mpukutu wa pepala lobooledwabooledwa. Pepalalo limayenda pamwamba pa kachitsulo kamkuwa kokhala ndi timabowo 88, kiyi iliyonse kabowo kake. Bowo la papepala likakumana ndi bowo la pamkuwa, mpweya umalowa, kachikopa kopyapyala n'kufufuma, n'kukankha kavalavu, kamvukuto kakang'ono n'kuphwa, kanyundo n'kumenya nsambo. Basi, mawu atuluka.

AGOGO: Pepala, chikopa, thabwa ndi mpweya. Zimenezi tili nazo kuno zonse, koma sizinatiimbirepo.

MDZUKULU: Zimenezotu n'zimene zimabweretsa mavuto. Mtengo, ngakhale unadulidwa zaka 100 zapitazo, susiya kumwa. Kukachita chinyezi umatupa, kukauma umabwerera. Pepala ndi chikopa chimodzimodzi. Mkuwa wokha ndiwo sumva za mvula. Tsono mu 1908 opanga mipukutu anakumana mumzinda wa Buffalo n'kugwirizana muyezo umodzi: pepala likhale mainchesi 11 ndi kota m'lifupi, timabowo 9 pa inchi iliyonse.

AGOGO: Akuluakulu amandevu kukwera sitima kukakambirana za zibowo?

MDZUKULU: Kuti mpukutu wa kampani ina uziimba pa piyano ya kampani ina. Taonani mmene malo ake akuchepera. Kuchoka pa kabowo kena kufika pa kanzake sipakwana mamilimita 3. Pepala likamwa chinyezi limakula kwambiri m'lifupi kuposa m'litali. Tiyerekeze kuti lakula ndi gawo limodzi lokha pa magawo 100. Basi, latambasuka pafupifupi mamilimita 3, pamene mkuwa uja uli pomwepo. Mabowo a pakati amakumanabe, koma a m'mphepete, a mawu a besi ndi a mawu ang'onoang'ono, amayamba kusuzumira pakhomo la mnzake.

AGOGO: Zikasuzumira pakhomo la eni zimatha bwanji? Ndikudziwa kale, koma nena.

MDZUKULU: Mawu ena amasowa, ena amalira awiriawiri, nyimbo n'kusokonekera. Pepala lotupalo limakhulanso m'mbali mwa chokulungira chake, m'mphepete n'kupindika, kenaka n'kung'ambika. Anaikamo timakutu tofufuza m'mphepete mwa pepala kuti likapatuka tizilibweza pakati. Koma timakutu tingabweze lopatuka, lonenepa sitingalichepetse.

AGOGO: Ndiye angoliyanika padzuwa.

MDZUKULU: Likaumitsa limakhwinyata, mabowo n'kuphonyananso, ulendo uno cham'kati. Ndipo pepala lakale likauma gwa limathetheka mukangoligwira.

AGOGO: Mvula ayi, dzuwa ayi. Chinthu chimenechi chidabadwa kwa mfumu.

MDZUKULU: Sitinafike pa piyano yeniyeniyo. Kumbuyo kwake kuli thabwa lalikulu lopyapyala la mtengo wa spruce, lokhala ngati lakwera pang'ono pakati, limene limakuza mawu. Pamwamba pake padutsa nsambo zoposa 200, ndipo kukoka kwake zonse pamodzi kumafika matani 18 kapena 20. Thabwalo likamwa chinyezi...

AGOGO: Usandiuze, ndikuuze ndine. Mawu amatsika. Agogo ako aamuna adali mmisiri wa ng'oma. Dzinja likafika chikopa chinkalefuka, ng'oma n'kumangoti bu bu bu ngati yadwala chimfine. Ankayamba aiwamba pamoto mpaka iti nge, ndiye amayi n'kulowa m'bwalo.

MDZUKULU: Mwalasa, koma mwalasa chammbali. Ng'oma imatsika, piyano imakwera. Thabwa lija likatupa limakankhira nsambo m'mwamba, nsambozo n'kukungika kwambiri. Kukauma thabwa limabwerera, mawu n'kugwa.

AGOGO: Ha! Za azungu n'zotsutsa kuyambira kale. Chabwino, koma mankhwala ndi omwewo. Aisendeze pamoto.

MDZUKULU: Agogo, motowo ndi umene wapha mapiyano ambiri ku Ulaya ndi ku America! Nthawi yachisanu amatseka mazenera n'kuyatsa zotenthetsera nyumba. Mpweya wozizira ukatenthedwa umauma kwambiri. Thabwa lija limang'aluka, tizikhomo tokungira nsambo timagwedera, matabwa a njira za mpweya amakhwinyata, masikuluwu n'kumasuka, mpweya n'kumalowera paliponse. Wopalasa amapalasa mpaka mitsempha njo, nyimbo ikungonong'ona.

AGOGO: Mkamwini uja ndamumvera chisoni tsopano.

MDZUKULU: Chodabwitsa n'chakuti piyano yokalamba yotereyi imapeza bwino chinyezi chikabwerera. Matabwa amatupa n'kutseka mipata ija, n'kuyambanso kuimba mwamphamvu.

AGOGO: Waona! Nkhalamba si yotaya. Ndiye aithire madzi kamodzin'kamodzi.

MDZUKULU: Chinyezi chikapitirira, makiyi amakakamira, mukatsitsa sabwerera. Nsalu ya ubweya ya pa tinyundo imatupa, mawu n'kugontha. Nsambo zimachita dzimbiri, zikopa zimachita nkhungu. Guluu wake anali wophikidwa kuchokera ku zikopa za nyama, ndiye amafewa, zomatidwa n'kumakanganuka. N'chifukwa chake mapiyano otumiza kumayiko otentha ndi achinyezi ngati India ankawakhomera timisomali tamkuwa pa makiyi, osadalira guluu yekha.

AGOGO: Tsono chimafuna chiyani chinthu chako chosakhutirachi?

MDZUKULU: Pakatikati, ndipo posasinthasintha. Akatswiri amati chinyezi cha m'chipinda chikhale pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Chimene chimaononga kwambiri ndi kutupa lero, kukhwinyata mawa, chaka ndi chaka. Mmisiri akamanga masikuluwu nthawi youma, dzinja likafika matabwa amatupa n'kufinya zikopa zotsekera mipata. Chilimwe chotsatira mpata uja umabwerera utakula.

AGOGO: Ma peresenti amenewo amawaona ndi chiyani? Ine mvula ndimaimvera m'maondo.

MDZUKULU: Pali kachipangizo koyezera. Kodziwika kwambiri kakale anakapanga Horace-Bénédict de Saussure wa ku Geneva mu 1783. Ankagwiritsa ntchito tsitsi la munthu.

AGOGO: Tsitsi la ndani?

MDZUKULU: La munthu aliyense, agogo. Tsitsi limatalika kukachita chinyezi, limafupika kukauma. Amalimangirira ku kamuvi, kamuviko n'kumaloza manambala.

AGOGO: Bambo wamkulu kutola tsitsi la mnzake, kulimanga pa kamtengo, n'kumalosera nalo za mvula. Iwe mwana, kusukulu kwanuko mukameta, tsitsi lako uzikwirira wekha. Wamva?

MDZUKULU: Ndamva, agogo. Koma si piyano yokha. Kulinso malimba a zitoliro odziimba okha. Ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, amawakankha m'misewu pa ngolo, wina akugwedeza kachitini kopemphera makobidi.

AGOGO: Kumeneko nakonso kuli opempha? Ndimayesa onse ndi mabwana. Mvula ikagwa amathawira nalo kuti?

MDZUKULU: Amalifunditsa lona. Komanso nyimbo zake sizikhala pa pepala lopyapyala. Mu 1892 Anselme Gavioli wa ku Paris anayambitsa mabuku a katoni yolimba, yopindapinda, yobooledwa. Katoni imapirira kunja kuposa pepala, ngakhale nayo ikanyowa imafewa n'kupotoka. Koma m'kati mwa limbalo muli timatabwa totsetsereka. Tikatupa timakana kuyenda. Bokosi la mpweya likang'aluka ndi kuuma, kapena valavu ikakanika kutseka, chitoliro chimodzi chimangolira osaleka, nyimbo itatha kalekale.

AGOGO: Ameneyo ndikumudziwa. Ali m'kwaya yathu. Sindimutchula dzina.

MDZUKULU: Zovuta kwambiri ndi makina okhala ndi zonse ziwiri, piyano ndi zitoliro m'bokosi limodzi. Zitoliro zimamvera kutentha, kukatentha mawu ake amakwera tsiku lomwelo. Piyano imamvera chinyezi, ndipo imasintha pang'onopang'ono. Mmisiri akazigwirizanitsa lero, nyengo ikatembenuka chilichonse chalowera kwake.

AGOGO: Nanga anthu amavutikiranji ndi zimenezi? Wailesi ilipo, ikafuna batire timaipatsa, nkhani yatha.

MDZUKULU: Chifukwa mipukutu ina inasunga zala za anthu amene anapita kalekale. Mu 1904 kampani ya Welte ya ku Freiburg, ku Germany, inatulutsa makina otchedwa Welte-Mignon, amene ankabweza kaimbidwe ka katswiri, pofulumira ndi podekha, pomenyetsa ndi pofatsa. Edvard Grieg wa ku Norway anaimbira makinawo mu 1906, n'kumwalira mu 1907. Lero mukaika mpukutu wake, makiyi amayenda mmene iye anawayendetsera.

AGOGO: Malemu?

MDZUKULU: Malemu.

AGOGO: Ndipo pepala likatupa, malemuwo amaphonya?

MDZUKULU: Amaphonya, inde.

AGOGO: Zachisoni bwanji! Munthu adaimba bwino moyo wake wonse, adagona mwaulemu, lero dzinja likumunamizira kuti sadziwa nyimbo. Ndipo sangadzuke kudzadziyankhira. Apa pokha ndagwirizana nawe, mapepalawo awasamale.

MDZUKULU: N'zimene amachita. Ku Utrecht kuli nyumba yotchedwa Museum Speelklok, ku London kuli Musical Museum ya ku Brentford. Mipukutu imakhala m'mabokosi ake, kutali ndi dzuwa, kutali ndi khoma lonyowa, osaiika pansi. M'zipinda zosungira zinthu zotere mumakhala makina, ena ochotsa chinyezi, ena ochiwonjezera.

AGOGO: Wina akutunga, wina akutaya, onse pa malipiro. Magetsi akazima?

MDZUKULU: Kumeneko sazimazima.

AGOGO: Ndiye ukadzalemera usadzandigulire. Kuno Januwale adzaitupitsa, Okutobala adzaing'alula, chiswe chidzamaliza zotsala.

MDZUKULU: Nkhawa yatha masiku ano, agogo. Mu 2014 Yunivesite ya Stanford ku America inatenga mipukutu yoposa 7,000 imene Denis Condon wa ku Australia anasonkhanitsa. Amaijambula ndi makina, bowo lililonse n'kulowa m'kompyuta. Zikalowa mmenemo, chinyezi chagonja. Kompyuta situpa, sikhwinyata.

AGOGO: Kompyuta ndi achibale a foni yakoyo?

MDZUKULU: Eya, foni ndi kompyuta yaing'ono.

AGOGO: Imene siopa madzi.

MDZUKULU: Kunena zoona, agogo, pamenepo...

AGOGO: Chifukwa dzulo ndikuti ndipatse ana mpunga wa Kilombero uja ndidasungira Khirisimasi, ndapisa dzanja m'thumba, ndagwira chinthu chozizira. Ndidatsala pang'ono kuitana mpingo.

MDZUKULU: Inagwera m'ndowa, agogo. Anzanga amati mpunga umayamwa madzi.

AGOGO: Aphunzitsi ako a ma peresenti adakuuza choncho?

MDZUKULU: Ayi, iwo amati sizithandiza kwenikweni.

AGOGO: Ndiye kaitulutse msanga, amuna anga, isanadye mpunga wanga wonse. Ndipo ubwere ndi lichero, upete wekha.