Chingwe cha mmisiri chimadziwa amene walipira

Kale ku Mitundu ndi ku Nathenje malire anali nkhadze, khonje kapena mtengo wa mango, ndipo ankagona pomwe agogo anawasiya. Lero malo akwera mtengo, ena akumanga zipinda zoti ophunzira a ku Bunda azichita lendi, ena mashopu m'mbali mwa msewu wa M1, ndiye malire nawo aphunzira kuyenda. Amene amawaphunzitsa ndi mmisiri. Chingwe chake chimawongoka bwinobwino mbali zitatu, koma chikafika kwa aneba chimaledzera n'kudzandira mpaka m'bedi lawo la mpiru. Maziko amakumbidwa tsiku limene aneba apita kumaliro. Pobwerako amapeza njerwa zafika m'chiuno, mwini mpanda ali chilili kuwalonjera mwaulemu wonse: "Pepanitu achimwene, mwayenda bwanji kuzovutako?"

Omanga amati mpanda ndi woteteza ku akuba. Palibe akukana, mbuzi zimasowadi. Komatu wakuba mbuzi amakhala ndi manyazi, amathawa. Mpanda umaba dothi n'kuima pomwepo masana dzuwa likuswa mtengo, utavala mabotolo osweka kumutu. Nanga ngati nkhani ndi chitetezo, bwanji malata amapendekera dala kuti mvula yonse ya mu Januwale izitsikira pakhonde la aneba? Bwanji chimbudzi, pa puloti yaikulu chonchi, chimapeza malo kuseri kwa khitchini ya eni ake basi? Mukafunsa mmisiri amangoti iye amatsata chingwe, ngati kuti chingwecho chinadzikoka chokha.

Ena amati lamulo lilipo. Lilipodi: lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo kudzera m'makomiti a m'midzi, komanso linakhazikitsa mabwalo oweruza milandu ya malo. Vuto ndi lakuti mapuloti ambiri anagulidwa ndi kapepala kong'amba m'kope, kolembedwa kuti malire ndi mtengo wa mango. Mtengowo ndi womwe unadulidwa n'kuotchera njerwa za mpandawo. Mboni inapsa mu uvuni, mlandu uzengedwe bwanji? Kwa amfumu, mwini mpanda ndi aneba onse awiri amapereka chabwalo, n'kulangizidwa kuti azikhala mwamtendere poti ndi abale. Mpanda sugwa.

Aneba, mtima uli phuphuphu, amagulitsa fodya n'kuitana mmisiri yemwe uja kuti awamangire wawo. Chingwe chimaledzeranso, ulendo uno kulowera kwa gogo wamasiye wa kuseri, amene alibe ndalama ya simenti ngakhale ya chabwalo.